Mfuti Yotchipa Tinaigulapo Kale

Mwana wa mlongo wanga, amene ali ndi kashedi kokonzera njinga m'mbali mwa msewu wotsikira kuchipata cha Muloza, ndi mnyamata wa manja odala. Pakuti njinga imene eni ake anataya nayo kale mtima iye amaitenga, naiphwasula kufikira kachitsulo kotsiriza, natola tcheni apa, chishalo apo, masipokosi kwa mnzake wa pamsika, ndipo dzuwa lisanalowe njingayo imakhala itasenza matumba atatu a chimanga kulunjika ku Limbuli. Loweruka lina, nditapita kukakonzetsa buleki ya njinga yanga, ndinampeza atakhala pa chidebe chovundikira, maso ali pa foni, ndipo m'malo mondilandira njinga ndi manja awiri monga amachitira masiku onse, anandisendezera foniyo kumaso nati, "Amalume, taonani nzeru za anthu. Mfuti iyi sagula yathunthu ayi, amagula chiwalochiwalo n'kulumikiza okha kunyumba, ngati njinga."

M'kanemamo munali mzungu wa ku America atayala zitsulo pa tebulo loyera ngati la m'chipatala, akulongosola mosathamanga, monga mayi auzira mnzake kumene kuli tomato wotchipa, kuti munthu wa ndalama zochepa asankhe mpope uti, chitsulo chiti agule cha mtengo wotsika, ndi pa chiti asaumire. Mphwangayo Chingerezi amachimva mwa apo ndi apo, koma chinenero cha zitsulo amachimva chonse, ndipo m'maso mwake ndinaona chimwemwe chija cha mmisiri amene wakumana ndi ntchito yokoma ya mmisiri mnzake. Sindinamdzudzule tsiku limenelo, chifukwa mwana wokondwa ukamgwetsa mphwayi pamaso pa anzake sadzakuonetsanso kanthu. Koma nkhaniyo ndinapita nayo kunyumba, ndinagona nayo masiku angapo, ndipo popeza anyamata a mafoni otere achuluka kuno ku Milange ndi kutsidya ku Mulanje, ndaona kuti kuli bwino ndimyankhe pabwalo, kuti ndi anzake omwe amve.

Poyamba timpatse mmisiri ulemu wake. Mfuti imene inali pa tebulopo ndi ya mtundu wa AR-15, imene Eugene Stoner anaikonza pa kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, ndipo kampani ya Colt itagula umwini wake mu 1959, asilikali a dziko la America anaitenga naitcha M16. Nzeru yake yagona pakuti thupi lake lili pawiri, chigawo chapamwamba ndi chapansi, zogwiridwa pamodzi ndi timisomali tiwiri tokha. Chapansi ndicho chili ndi chogwirira, kachitsulo kamene chala chimakoka, ndi polowera kabokosi ka zipolopolo. Chapamwamba, chimene eni ake amachitcha upper receiver, ndicho chimasunga mpope pamodzi ndi chitsulo chimene chimatseka kumbuyo kwa chipolopolo pamene wonga ukuphulika. Chitetezo cha lamulo pa kapangidwe kake chitatha mu 1977, makampani ambirimbiri anayamba kusula ziwalo zolowerana, kotero kuti mpope wa kampani ina umakhala pa thupi la kampani inzake, monga momwe tcheni cha njinga ya ku India chimakhalira pa njinga ya ku China. Ndipo malonda amenewa ananenepa chifukwa cha khomo limene lamulo la boma lalikulu la dzikolo linasiya losatseka: chigawo chapansi chokha ndicho lamulo limachiyesa mfuti, ndicho chimadindidwa nambala, ndicho munthu amafufuzidwa mbiri yake pochigula m'sitolo, koma chapamwamba, mmene mumakhala moto wonse, chimatumizidwa pa positi ngati nsapato. Ogulitsa nawo, poona kuti fungo la nkhondo lingathawitse ogula, anaiveka dzina lofatsa, namaitcha mfuti ya masewera yamakono.

Tsono pamene mphwanga anati "ngati njinga," ananena zoona theka lokha, ndipo theka limene anasiya ndilo lolemera. Njinga ukaiika pedulo wotchipa nathyokera pa chikweza, choipa chimene chingakugwere ndi kuikankha mpaka kwanu, ana akukuseka panjira. Koma m'kati mwa mpope wa mfuti yotere, pa kamphindi kamene wonga ukuyaka, mumakhala mphamvu yoposa ka 1,000 ya mpweya umene umapopedwa m'tayala la galimoto, ndipo chipolopolo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi imodzi. Zonsezi zikuchitika pafupi ndi mphuno ya munthu amene watsamiritsa tsaya lake pa mfutiyo. Ngakhale mzungu wa m'kanema uja, amene ntchito yake inali kuphunzitsa anthu kusunga ndalama, atafika pa chitsulo chotseka chija anapukusa mutu nachenjeza kuti apa pokha munthu asafune zotchipa. Iye ali ndi zida zoyezera, ali ndi sitolo imene imalandiranso katundu wolakwika, ali ndi chipatala chimene galimoto yake imafika pakhomo munthu magazi asanathe. Ife sipeya amene amafika pamsika wathu tonse tikumdziwa: pa bokosi dzina lalikulu ndi utoto wowala, m'kati chitsulo chimene chimapindika pomangitsa ndi sipanala, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu wina asandimve molakwa, ngati kuti dandaulo langa ndi lakuti ziwalo zotchipa n'zosalimba, ndi kuti zikanakhala zolimba ndikanaomba m'manja. Mfuti yotchipa yosalimba imalanga mwini wake, mfuti yotchipa yolimba imalanga mudzi wonse. Ndipo ife a m'chigawo chino tinamwera zikho zonse ziwiri, choyamba m'masiku a makolo athu, chachiwiri m'masiku athu omwe.

M'zaka za m'ma 1800, pamene njira ya amalonda a minyanga ndi akapolo inkadutsa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi kutsikira ku Quelimane, m'mizinda ya Birmingham ndi Liège munali amisiri amene ntchito yawo inali kupanga mfuti za malonda a mu Africa, zothira wonga kukamwa, zotchipa mwadala, zimene msilikali wa kwawo sakanalola kuziika paphewa. Kuopsa kwa mpope wosayesedwa eni akewo ankakudziwa bwino, pakuti mu 1813 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa ku Birmingham nyumba yoyesera mipope, mmene mpope umathiridwa wonga wopyola muyeso, nuwomberedwa m'chipinda chotseka, ndipo ukapirira ndiye udindidwa chizindikiro. Nyumbayo ikugwira ntchito kufikira lero lino. Kuno mtengo wa mfuti zotchipazo unkawerengedwa m'minyanga ndi m'anthu, ndipo mfumu imene yapeza mfuti makumi awiri inkagonetsa mnansi wake wopanda tulo kufikira nayenso atapeza makumi atatu, amene sakanawalipira ndi china koma ana a mudzi wachitatu. Maiko a ku Ulaya atasonkhana ku Brussels mu 1890 anapangana zoletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo ngakhale pakamwa pawo panali kuthetsa ukapolo, chimene chinachitika n'chakuti mfuti zabwino zinatsala m'manja mwa atsamunda, ife n'kutsala ndi za gogodera. Amene akufuna umboni akwere ku mpata wa mapiri awiri aja akaone mabwinja a Fort Lister, linga limene Angerezi anamanga mu 1893.

Zipatso za gogodera ndinaziona ndi maso anga. Agogo anga obala amayi, amene anathyola tiyi m'minda ya m'tsinde mwa phiri la Tumbine m'masiku a Apwitikizi, anali ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanzere. Ndipo ndili mwana ndinkakonda kupenyetsetsa mmene ankapanira kabotolo ka fodya wamphuno pakati pa chala chachikulu ndi ziwiri zotsalazo, pamene panali zinzake pali chipsera chosalala, chonyezimira ngati khungu la mlamba. Nguluwe zinali zitawathera chinangwa zaka ziwiri zotsatana, ndipo popeza chiphaso cha mfuti sichinali cha munthu wothyola tiyi, anapita usiku kwa wosula wina kuseri kwa phiri, amene pa chipala chake chosulira makasu ndi nkhwangwa anawalumikizira mfuti pa mtengo wa mbuzi imodzi, mpope wake wotola kuchitsulo china chimene sichinabadwire ntchito imeneyo. Chaka choyamba anapha nguluwe ziwiri, mudzi unadya nyama, ndipo dzina lawo linamveka pamowa. Chaka chachiwiri, usiku wa mwezi wowala, ali pansanja, anaona chinguluwe chachimuna chimene mapazi ake anali atawatsata masiku ambiri, ndipo mtima unawauza kuti chotere chifuna wonga woonjezera. Chimene anakumbukira pambuyo pake ndi kuwala, kulira kwa m'makutu, ndi agogo aakazi akuwamanga mkono ndi luzi. Kuchipatala sanapite, pakuti kumeneko akanafunsidwa chimene chawavulaza, ndipo yankho lake likanawafikitsa pamaso pa asipayi ndi mbalamatodya; anachira ndi mankhwala a m'tchire, mwezi wathunthu akubuula m'nyumba yotseka. Nguluwe ija, ankatero akuseka, inapitiriza kudya chinangwa usiku womwewo. Ndipo mwana aliyense wamwamuna wa m'banja lathu akayamba kusema kamfuti ka bango, iwo ankangotukula dzanja lija pamaso pake, osanena kanthu.

Chikho chachiwiri, cha mfuti yolimba ija, chinabwera ndi nkhondo. Mfuti ya Mikhail Kalashnikov, ya AK-47, imene ili pa mbendera ya dziko lathu la Mozambique pamodzi ndi khasu ndi buku, ulemerero wake wonse uli pa zinthu zomwezo zimene mphwanga anakondwera nazo: n'njotchipa kupanga, ziwalo zake n'zochepa, mwana wosatha msinkhu amaphunzira kuiphwasula ndi kuilumikiza msanga, ndipo ngakhale igwere m'matope imalirabe. Sindikana kuti inathandiza kuthyola goli la atsamunda. Koma ufulu utafika mu 1975 mfutiyo sinabwerere m'bokosi. Mu Seputembala 1986, mwezi womwewo umene Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukalankhula molimba ndi Kamuzu Banda za nkhondo ya pachiweniweni ya kwathu kuno, ankhondo a Renamo analanda tauni ya Milange, ndipo ife amene miyendo inatilola tinawoloka Muloza, ine nditasenza mtolo wa mphika ndi bulangete, mlongo wanga, mayi wa mnyamata wa njinga uyu, ali kumsana kwa amayi, akuyamwa chala. Asilikali a boma anailandanso tauniyi mu Juni 1988, koma chimene anapeza ndi mabwinja: nyumba zopanda madenga, zitseko ndi mazenera zitazulidwa, mafakitale a tiyi ali zii, ndipo tiyi amene agogo ankathyola ataimirira anakula nasanduka nkhalango. Dziko la Malawi, limene nalonso linali ndi umphawi wake, linasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ngongole ya chifundo chimenecho sitidzaimaliza.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinayesa kuti mfuti nazo zamva. Koma mfuti ilibe makutu. A United Nations anasonkhanitsa zina, koma zambiri zinakwiriridwa m'ziulu ndi m'mapanga, zitapakidwa girizi ndi kukulungidwa m'masaka, chifukwa mbali iliyonse inkaopa kuti inzake ingasinthe mtima. Ndipo msilikali wotsitsidwa ntchito, amene analibe munda wolimidwa kapena mbewu, anapeza kuti chuma chake chokha ndi chitsulo chija. Pamenepo mfuti inatsika mtengo kufikira kumasinthanitsidwa ndi thumba la chimanga. Sipanakhalepo nthawi ina m'mbiri yathu imene mfuti inatchipa chotero, ndipo taonani amene analipira chotsalacho: wa golosale wa ku Limbe amene anathyoleredwa usiku, woyendetsa minibasi wa ku Johannesburg amene anagwa pa mkangano wa njira, mlimi wa kuno amene anakumana ndi achifwamba akuchokera kogulitsa nandolo. Mu Disembala 1993, asilikali a Malawi atalanda zida za a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene anaitcha Bwezani, ena mwa a Young Pioneers amenewo anathawira mbali ino ndi zida zawo, kotero kuti malirewa anaona mfuti zikuyenda njira zonse ziwiri. Ndi nyama zomwe sizinapulumuke, pakuti ku Gorongosa nyama zazikulu zoposa 90 pa 100 zilizonse zinatha m'zaka za nkhondo.

Pa mdima umenewo panawala nyali imodzi imene anyamata a lero ayenera kuuzidwa, chifukwa m'mafoni mwawo simupezeka kawirikawiri. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayambitsa ntchito yosandutsa zida kukhala makasu, dzina lotengedwa ku uneneri wa Yesaya. Munthu ankabwera ndi mfuti yake, kapena kulozera pamene zakwiriridwa, osafunsidwa kuti unaitenga kuti ndipo unachita nayo chiyani, nabwerera kwawo ndi khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Mfutizo zinkadulidwa zidutswazidutswa, ndipo amisiri a Núcleo de Arte ku Maputo ankawotcherera zidutswazo kukhala mbalame, ng'ona ndi mipando. Mpando umene Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga mu 2001 uli ku British Museum ku London, kumene alendo a maiko onse amaima naupenya. Chaka chomwecho cha 1995 apolisi a Mozambique ndi a South Africa anayamba kuyenda limodzi m'tchire pa ntchito imene anaitcha Rachel, kufukula nkhokwe za zida ndi kuziphulitsa pomwepo. Ndikalingalira za macheka amene anatha mano poduladula mipope imeneyo kuti isadzalumikizidwenso, ndi kuti ana a anthu omwewo lero akuphunzira pa foni kulumikiza zidutswa kuti zikhale mfuti, ndimamva ngati munthu amene wathera chaka chonse akuzula kaufiti m'munda, nadzapeza mwana wake akumwaza njere zake chifukwa maluwa ake ndi okongola.

Ndikudziwa zimene ena anganene, ndipo si zonse zopanda pake. Anena kuti kuwombera chandamale ndi masewera enieni, amene amachitika ngakhale pa mpikisano wa Olympic, ndi kuti ku America kuli anthu miyandamiyanda okhala ndi mfuti zotere amene sanalasepo kanthu koma pepala. Zoona. Koma ndi mfuti ya mtundu womwewo imene inapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya Sandy Hook mu Disembala 2012, ndi ana 19 ndi aphunzitsi 2 ku Uvalde mu Meyi 2022. Dzina la masewera silinachepetse liwiro la chipolopolo ngakhale pang'ono. Ngati dziko limene lili ndi apolisi pa ngodya iliyonse likulira chotero, nanga ife, amene m'midzi yathu ina wapolisi amafika pa njinga yamoto tsiku lotsatira?

Anenanso za anyani ndi nguluwe, ndipo apa ndimawamva ndi mtima wonse, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene sanalindepo munda usiku asaphunzitse mlimi kupirira. Ngati mudzi uli ndi mlenje wokhwima nzeru, wodziwika kwa amfumu ndi kwa apolisi, amene ali ndi mfuti ya nyama yathunthu, ya nambala yake ndi chiphaso chake, ine ndilibe naye mlandu. Ndipo boma lingachite bwino kufupikitsa njira ya chiphaso chotere, kuti munthu asakankhidwire kwa wosula wa kuseri kwa phiri monga anakankhidwira agogo anga. Koma mfuti imene imatulutsa zipolopolo 30 chala chisanatope sinapangidwire nyani. Za akuba nazo n'chimodzimodzi: nyumba imene yamveka kuti muli mfuti ndiyo imene achifwamba amaifuna koposa, ndipo masiku amene wakuba sabwera, amene ndiwo ambiri, mfutiyo imakhala pansi pa mphasa ikumvetsera mikangano ya malire a munda, ya nsanje, ya chuma cha masiye, ndi ya mowa. Milandu imene amfumu amaiweruza ndi nkhuku pansi pa mtengo, pakalowa mfuti imaweruzidwa kumanda.

Mantha ndiwo amagulitsa zinthu zotere, ndipo ife mantha tikuwadziwa mtundu wake wonse. Ndi mantha amene anasonkhanitsa anthu a mu Zambezia muno kumbuyo kwa Manuel António ndi anaparama ake, otemeredwa mphini zoti chipolopolo chisawalowe, kufikira mwini wakeyo anaphedwa mu Disembala 1991. Ndipo ndi mantha omwewo amene angamuuze mnyamata wa lero kuti mphini yake ikhale chitsulo cha pa positi. Bala lathu likadali laliwisi. Pangano lina la mtendere linasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019, ndipo msasa wotsiriza wa Renamo, wa ku Vunduzi m'dera la Gorongosa, unatsekedwa mu Juni 2023, dzulodzulo lomweli. Kumpoto ku Cabo Delgado mfuti zikulira chiyambire 2017. Ndipo mu Disembala 2024, pa chipwirikiti chimene chinatsata chisankho, anthu zikwizikwi a ku Morrumbala anawoloka Shire kuthawira ku Nsanje, atasenza mitolo yofanana ndi imene ndinasenza ine. Akulu anati m'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri; ife tapitamo kale kangapo, ndipo njovuyo sinachoke.

Mwamwayi lamulo la kuno silinasiye khomo lija la ku America. Pangano la maiko a SADC loona za mfuti, limene linasainidwa ku Blantyre mu Ogasiti 2001, silinena za mfuti ndi zipolopolo zokha, koma ndi ziwalo zimene mfuti singagwire ntchito popanda izo. Lamulo lathu la zida la mu 2007 limafuna chiphaso kwa aliyense wosunga mfuti, ndipo zida za nkhondo si za munthu wamba. Ku South Africa ngakhale mpope pawokha lamulo limauyesa mfuti. Ndipo ngakhale ku America komweko bwalo lalikulu la milandu mu Malichi 2025 linavomereza lamulo lakuti mitolo ya ziwalo yogulitsidwa kuti munthu akamalize yekha mfuti iyenera kukhala ndi nambala. Mnyamata amene akuganiza zoitanitsa chitsulo chimodzi lero, china mwezi wamawa, poyesa kuti chiwalo si mfuti, adziwe kuti akudzigulira ndende chiwalochiwalo. Koma lamulo la pa pepala ndi mpanda wopanda zipilala ngati olondera chipata sadziwa chimene akulondera. Anthu a kasitomu pa Muloza thumba la chimanga amalidziwa ndi maso, fodya ndi shuga amazidziwa ndi mphuno. Koma kachitsulo kakuda, kotalika ngati chala, kogona m'katoni pakati pa sipeya wa njinga zamoto, angakazindikire ndi munthu yekhayo amene anaonetsedwa. Aphunzitsidwe tsono, mbali zonse ziwiri za mtsinje, pamodzi ndi a positi ndi onyamula katundu. Ndipo amfumu, amene amadziwa tinjira tonse ta m'minda timene sitidutsa pachipata, akhale nawo pa maphunzirowo, osati kuitanidwa pokhapokha maliro atachitika.

Za anyamata eni ake, sindifuna kuti luso lawo lizimitsidwe. Dziko limene limaopa amisiri ake limakhala logula chilichonse kwa alendo. William Kamkwamba wa ku Kasungu anatola ziwalo za njinga yakufa ndi zitsulo za kudzala nalumikiza makina amphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya atate wake, ndipo manja amenewo sasiyana ndi a mphwanga. Boma lino la Milange limatulutsa chimanga, nandolo ndi soya zimene zimadyetsa ndi a kutsidya omwe, koma makina otongola chimanga, mipope yothirira dimba ndi ngolo zokoka ndi njinga yamoto zikali zosowa. Pamenepo ndi pamene funso lakuti chiwalo chiti ndigule chotchipa ndi pa chiti ndisaumire lili ndi malo ake.

Loweruka lotsatira ndinabwerera ku kashedi kaja, buleki itayambanso kulira, ndipo pamene iye anali atagwada akumasula nati ndinamfotokozera za dzanja la agogo, amene iye sanawaone, ndi za tsiku limene mayi ake anawoloka Muloza ali kumsana. Anamvetsera osatukula mutu, ndipo nditamaliza anakhala chete nthawi yaitali, akupukuta girizi m'manja ndi kansanza. Kenaka anayang'ana kumsewu, natsitsa mawu.

"Amalume, pali agogo ena amene amabweretsa njinga pano. Anandiuza kuti kuseri kwa nyumba yawo, pansi pa nthochi, pali chinthu chimene anakwirira nkhondo itatha. Akuti tulo sapeza nacho, ndipo adzukulu ayamba kukumba mbewa chapafupi pomwepo. Koma akuopa kuti akakanena amangidwa."

Ndicho chifukwa chake ndikunena kuti ntchito ija ya makasu iyenera kukhala ndi khomo lake pano pa Milange, lotsekuka chaka chonse, lodziwika kwa aliyense, limene mfumu, mbusa ndi shehe aimirira pakhomo pake pamodzi ndi wapolisi, kuti nkhalamba yotere ilowe ndi mtolo wake nituluke ndi ulemu wake. Ndinamuuza mphwanga kuti asakhudze kanthu, asauze mnzake aliyense, ndi kuti Lolemba m'mawa atseke kashediko, tipite tonse awiri kwa agogowo, tikawatenge, tikayambire kwa amfumu.

"Ndamva, amalume," anatero.

Anamangitsa nati, napukusa gudumu, nagwira buleki kawiri kuti ndione kuti yaluma. Nditatulutsa ndalama anabisa manja kumbuyo, ndipo ndisanaumirire panafika munthu wa kabaza akukankha njinga yopindika foloko, thukuta lili kamukamu, akufunsa ngati ingakonzeke msika usanathe.